Ndaonera filimu ya GameStop pa tchuthi: K2 miliyoni ndiigawe bwanji mu 2025?

Kambuzi_wa_Malombe
Chaka chabwino nonse a pagulu pano. Pa tchuthi ndaonera Dumb Money, filimu ija ya anthu wamba amene anagwirizana kugula masheya a GameStop mpaka mabwana a ku Wall Street kulira. Mafunso anga ndi awiri. Kodi zoterezi zingatheke pa msika wathu wa masheya wa ku Blantyre? Nanga munthu wa kuno ku Mangochi amene ali ndi K2 miliyoni yoti sakuifuna msanga aigawe bwanji kuti pofika Disembala isakhale itasungunuka? Zoti "gula puloti" ndazimva kale, ndikufuna masamu.

Siginala77
Wonjezerani pang'ono mugule injini ya boti basi. Za mufilimuzo n'za kwa eni ake.

MayiAkauntanti
Achimwene a Kambuzi, funso loyambalo yankho ndi ayi, ndipo chifukwa chake chili mufilimu momwemo. Makampani oyendetsa ndalama za anthu olemera, monga Melvin Capital, anali atabwereka masheya a GameStop n'kuwagulitsa, poganiza kuti mtengo utsika ndipo adzawagula motchipa pobweza. Anthu wamba atayamba kugula mwaunyinji mtengo unakwera, obwereka aja anakakamizika kugula pa mtengo uliwonse kuti abweze za eni, ndiye kugula kwawoko kunakwezanso mtengo. Sheya imene inali pansi pa madola 20 kumayambiriro kwa Januwale 2021 inagunda madola 483 pa 28 mwezi womwewo.

Pa Malawi Stock Exchange (MSE) palibe amene amabwereka sheya n'kugulitsa, ndiye palibe woti mum'panikize. Vuto lathu ndi lina. Pofika 2025 makampani alipo 16 okha, ndipo masheya ambiri ali m'manja mwa a penshoni ndi a inshulansi, amene akagula amakhalira. Ndiye pali masiku oti mukufuna kugula koma wogulitsa palibe, ndi masiku ena oti mukufuna ndalama ya fizi koma wogula palibe. Oda yanu imangokhala pamzere. Palinso malire a mmene mtengo ungasunthire pa tsiku limodzi.

China chimene filimu ija imadutsapo mothamanga: amene anagula mtengo uli pamwamba, sabata yotsatira anali ataluza zoposa theka.

Che_Namwera
Zoona mayi. Koma msika wathuwu musaupeputse. Chaka cha 2023 unakwera ndi maperesenti oposa 70, chaka chathachi cha 2024 oposa 50. Palibe fikisidi ya banki iliyonse imene inafika pamenepo.

MayiAkauntanti
Eetu, koma 2023 yomweyo mu Novembala kwacha inagwa ndi 44 peresenti, pamwamba pa 25 ya Meyi 2022. Muwerengere mu matumba a simenti kapena a feteleza, muone kuti 70 ija yatsala zingati.

BrokaWapakhonde
Tiyambe ndi mdani weniweni, kukwera mitengo kwa zinthu. Chaka chonse chathachi sikunatsikepo pansi pa 25 peresenti, miyezi ina kunadutsa 30. Ndiye chilichonse chimene mungaikemo ndalama muchiyeze ndi muyeso umenewo.

Titenge ma Treasury bill, kapena kuti kubwereketsa boma kudzera ku Reserve Bank. Alipo a masiku 91, 182 ndi 364, ndipo chaka chathachi amapereka pafupifupi 16, 20 ndi 26 peresenti pa chaka. Muikemo K1 miliyoni pa ya masiku 364: chiwongoladzanja chili cha m'ma K259,000. MRA imadula 20 peresenti musanaigwire n'komwe, pafupifupi K52,000. Mwatsala ndi K207,000, kutanthauza kuti phindu lenileni ndi pafupifupi 21 peresenti, osati 26 imene mumaiona m'nyuzi. Zinthu zikakwera ndi 30 peresenti, K1,207,000 yanuyo idzagula katundu amene lero ndi wa K928,000. Mwaluza ndithu, kungoti mwaluza pang'ono poyerekeza ndi amene anaisiya mu akaunti wamba, amene miliyoni yake yasanduka K770,000.

Ndiye ma bill si olemeretsa munthu. Ntchito yake ndi kusunga ndalama imene mukudziwa tsiku loigwiritsa ntchito. Ya fizi ya Sepitembala, ikani ya masiku 182 mu Febuluwale kapena Malichi. Ndipo musaike yonse tsiku limodzi: igaweni patatu, mwezi ndi mwezi, kuti izikhwima motsatizana. Mukafuna kutulutsa isanakhwime amakugulani pa mtengo wotsika.

Kambuzi_wa_Malombe
Ndiye mwati ndigawe bwanji akulu?

BrokaWapakhonde
Ngati mulibe ngongole ya katapira kapena ya banki, chifukwa ngati ilipo yambani mwabweza imeneyo, palibe sheya imene ingapose chiwongoladzanja cha ngongole, ine ndingati motere. K400,000 ya mwadzidzidzi, matenda ndi maliro, ikhale mu unit trust ya money market, thumba limene amasonkhanitsa ndalama za anthu ambiri n'kuzibwereketsa kwa nthawi yochepa, monga ya Old Mutual, kumene mukapempha imatuluka m'masiku ochepa. K600,000 mu ma bill. K1 miliyoni mu masheya a makampani atatu kapena anayi, kugula pang'onopang'ono kwa miyezi inayi, ndipo muiiwale kwa zaka zitatu.

Nkopola_Boy
Theka lonse mu masheya chaka cha chisankho? Pa 16 Sepitembala tikuvota akulu.

Che_Namwera
Chisankho chimaopseza kwacha kuposa masheya aise. Chaka cha kampeni boma limabwereka kwambiri, ndalama zimachuluka m'misewu, mitengo imakwera. Wolira amakhala amene wagwira kashi.

MayiAkauntanti
Kagawidwe ka a Broka kali ndi bowo limene anthu ambiri saliona. Akati makampani anayi, munthu amathamangira National Bank, Standard Bank, FDH ndi NBS chifukwa ndi amene akhala akukwera. Amenewo si anayi, ndi chinthu chimodzi chovala mayunifolomu anayi. Gawo lalikulu la phindu la mabanki athu likuchokera pobwereketsa boma. Ndiye ngati muli ndi ma bill komanso masheya a mabanki, ndalama yanu yonse yatsamira pa wobwereka mmodzi. Ku Ghana mu Disembala 2022 boma linauza amene linawabwereka m'dziko momwemo kuti asinthe mabondi awo ndi ena a chiwongoladzanja chochepa ndi zaka zambiri, ndipo mabanki ambiri kumeneko analemba kuluza chaka chimenecho. Sindikulosera kuti zichitika kuno, ndikungoti muzidziwa pamene mwaponda.

Onaninso amene ali mwini wa mnzake. NICO ndi imene ili ndi gawo lalikulu mu NBS. Press Corporation ili ndi gawo lalikulu mu National Bank komanso mu TNM, ndipo Maldeco yathu ya kunoyi ndi yawo. NITL ntchito yake n'kusunga masheya a makampani ena omwewa, ndiye kwa wa ndalama zochepa ndi njira yogulira msika wambiri ndi oda imodzi. Mukagula NICO ndi NBS n'kumati mwagawa, mwadzinamiza.

Kugawa kwenikweni n'kuyang'ana chimene chingapweteke kampani iliyonse. Airtel Malawi inaluza mu 2023 ngakhale tonse timagula mabando tsiku ndi tsiku, chifukwa inali ndi ngongole za madola pamene kwacha imagwa. Illovo mdani wake ndi madzi osefukira ku Nchalo, monga a namondwe Freddy mu Malichi 2023. FMB Capital Holdings ili ku Malawi, Zambia, Zimbabwe, Botswana ndi Mozambique ndipo mabuku ake amalembedwa mu madola, ndiye kwacha ikagwa siigwa nayo yonse. Sunbird imadalira misonkhano ndi alendo, ndipo tonse tinaona chaka chathachi nyanja itadzadza mpaka kulowa m'maloji a m'mbali mwa nyanja kuno.

Ajusa_Mpondasi
Salaam aleikum nonse. Mwakamba bwino koma kuno ndi ku Mangochi, ambiri a ife chiwongoladzanja ndi riba, sitingachigwire. Ma bill, fikisidi ndi money market zonsezo zatuluka. Titani?

Mwalimu_wa_Malindi
Wa aleikum salaam achimwene. Masheya pawokha si haramu, chifukwa mukugula gawo la bizinesi, phindu ndi kuluza mukugawana. Choyang'ana ndi ntchito ya kampaniyo. Mabanki ndi inshulansi wamba atuluka, ndi amene amangosunga masheya a mabanki atulukanso. Mahotela ali ndi nkhani ya mowa. Otsala oti n'kuwaunika ndi monga a shuga, a mafoni ndi a nyumba za lendi. Akatswiri a AAOIFI, bungwe loika malamulo a zachuma za Chisilamu, anaika miyeso: ngongole ya chiwongoladzanja ya kampaniyo isapose 30 peresenti ya mtengo wake wonse pa msika, ndipo ndalama zolowa kuchokera ku zosaloledwa zisapose 5 peresenti. Kagawo kosayenerako mumakawerengera pa dividendi yanu, gawo la phindu limene kampani imakupatsani, n'kukapereka kwa osauka. Manambala onsewa ali mu lipoti la pachaka la kampani, pa tsamba la ngongole ndi la ndalama zolowa.

Ya mwadzidzidzi ija ikani mu akaunti yopanda chiwongoladzanja, FDH ili ndi Salama Banking. Musaiwale zakaat: 2.5 peresenti pa chuma chimene chakwana nisab, mlingo woyambira kupereka, n'kutha chaka. Ambiri amawerengera mu Ramadan, ndipo chaka chino ikuyamba kumayambiriro kwa Malichi, ndiye siyani kashi yake pambali kuti musadzagulitse sheya mokakamizika.

Siginala77
N'chifukwa chake ndinati injini. Mulibe riba mu usipa.

Mlovi_Makawa
A Siginala musapusitse munthu. Injini payokha sigwira nsomba. Chilimira chimafuna ukonde, boti, mabwato, nyali, alovi pafupifupi khumi ndi laisensi ya ku Fisheries. K2 miliyoni sifika n'komwe pa injini yabwino. Ndipo usiku uliwonse mafuta amayamba atuluka m'thumba mwanu, nsomba ziphedwe zisaphedwe. Chaka chathachi kuyambira Okutobala mpaka Disembala petulo amasowa, maboti ambiri amagula wa m'zigubu pa mtengo wowirikiza. Onjezani mwera wa Juni mpaka Ogasiti, masiku a mwezi wowala pamene usipa subwera ku nyali, ndi nyengo yotseka nyanja kumapeto kwa chaka. Choopsa kwambiri: mwini zida amene sakhala pa doko, nsomba zina zimagulitsidwa pamadzi pomwepo boti lisanakocheze.

Ngati munthu akufuna za nsomba ndi ndalama imeneyo, bola thandala loyanikira ndi kugula usipa wauwisi m'mawa, kuyanika, kutumiza ku Limbe kapena ku Lilongwe. Koma imeneyo ndi ntchito, si ndalama yoika n'kukagona.

Nachisale_265
Bwanji palibe akutchula chimanga? Kugula mu Juni, kugulitsa mu Januwale ndi Febuluwale. Chaka chathachi ndi chilala cha El Niño, boma litalengeza ngozi m'maboma 23 mwa 28, amene anasunga matumba anaseka.

Che_Namwera
Anaseka amene anasunga bwino. Chimanga cha mu Epulo ndi Meyi chimakhala chisanaume, mumagula madzi, sikelo imadzatsika ndipo chimachita chuku. Chiume kufika pa 13 peresenti. Poyesa, ikani njere m'botolo louma ndi mchere wouma, khutchumulani: mchere ukamata m'mbali mwa botolo, chiyanikeninso. Matumba a PICS ali ndi mapepala awiri mkati ndi saka kunja, lililonse mumange palokha mutafinya mpweya, ndipo musamatsegule kusuzumira. Khoswe akaboola kamodzi, anankafumbwe ayamba ntchito. Sanjani pa mapaleti, osagunda khoma, poti kutentha kwa kunoku ndi chinyontho cha dzinja sizigwirizana ndi thumba la pansi. Mufunikanso laisensi yogulira mbewu ya ku Unduna wa Zamalimidwe. Ndipo chaka cha zokolola zambiri, kapena boma likagawa cha ulere, mtengo wa Januwale sukwera mokwanira kubweza thiransipoti ndi matumba.

DJ_Chembe
Inu mwaiwala kuti nkhani inayamba ndi mafilimu. Imene ili ndi phunziro la ndalama si Dumb Money, ndi Megalopolis ya chaka chatha. Osati za mkati mwake ayi, koma mmene inapangidwira. Francis Ford Coppola, yemwe uja wa The Godfather, anagulitsa gawo la bizinesi yake ya vinyo n'kuika pafupifupi madola 120 miliyoni a m'thumba mwake mu filimu imodzi. M'makanema inatolera osafika 15 miliyoni, ndipo pa ndalama ya pakhomo eni holo amatengapo pafupifupi theka. Inanso ndi Joker yachiwiri: yoyamba ya 2019 inadutsa biliyoni, aliyense anati yachiwiri ndi ndalama yotola, koma inangofika cha m'ma 200 miliyoni. Amene mukugula sheya chifukwa "chaka chatha inakwera" mumve pamenepo.

Nkopola_Boy
Megalopolis ndi tulo tokhatokha. Dune yachiwiri ndiye filimu ya 2024, zinazo n'zocheza.

DJ_Chembe
Dune pa foni ya sikirini yong'aluka? Imafuna sawundi imene ija mani. Mu vidiyo sho siingayende, maola pafupifupi atatu, ana atuluka. Gladiator II ndiye yoyenda, nkhondo yokhayokha, womasulira savutika.

Nachisale_265
Amuna inu ndi nkhondo. Onerani On Becoming a Guinea Fowl ya Rungano Nyoni wa ku Zambia, inapata mphoto ku Cannes chaka chathachi. Nkhani yake yonse ili pa maliro, azimayi kukhitchini, azakhali kuweruza wamasiye kuti sakulira mokwanira. Muona ngati ajambula pa siwa ya kwanu.

Kambuzi_wa_Malombe
Poti tafika pamenepa, nanga kuika ndalama mu filimu ya Chimalawi? Pali anyamata kuno akufuna othandiza.

Kamera_Mbaluku
Ngati mukuwathandiza ngati mphatso, chitani, n'zabwino. Ngati mukuyembekeza phindu, afunseni funso limodzi: filimuyo ikatha, ndalama ilowera khomo liti? Makomo ake ndi ochepa. Tsiku loionetsa koyamba mu holo, pamene matikiti ayenera kulipira holo, zokuzira mawu ndi kulengeza. Makampani oika malonda awo. Wailesi ya kanema ikagula. Basi. Ikangotuluka, mawa lake ili m'mamemori pa msika, woika mafilimu wadya, inu ayi. COSOMA, yoteteza umwini wa ntchito za aluso, ilipo koma singayime pa benchi iliyonse.

Pa kajambulidwe, ndalama imathera pamene anthu saganizira: chakudya ndi mayendedwe a gulu lonse tsiku lililonse, jenereta, ndi masiku obwereza. Chimene chimapha mafilimu a m'mbali mwa nyanja ndi mawu. Mphepo ikawomba pa maiki ya pa kamera, zokambirana zonse zatayika. Pafunika maiki ya pa mtengo yovekedwa ubweya, ina ya pa kolala, ndi munthu wa mahedifoni amene ntchito yake ndi kumvetsera basi. Jambulani m'mawa kwambiri kapena dzuwa likapendeka, masana madzi amathwanima nkhope n'kuda. Makadi akopedwe pa ma hard drive awiri usiku uliwonse. Kuno kungatuluke filimu yabwino ndithu, The Last Fishing Boat ya Shemu Joyah ya 2012 nkhani yake ndi ya nyanja yomweyi. Koma mgwirizano ulembedwe: mwaika zingati, mubwezeredwa poyamba kapena pomaliza, ndipo mwini filimu ndani.

Admin_Boma
Abale, za mafilimu zili ndi ulusi wake. A Kambuzi anafunsa masamu. Wina afotokoze kagulidwe ka masheya kwa munthu amene ali kuno.

BrokaWapakhonde
Simufunika kukwera basi ya ku Blantyre. Sheya imagulidwa kudzera kwa broka wovomerezeka, monga Stockbrokers Malawi, Continental Capital kapena Cedar Capital. Muwalembere, akutumizirani mafomu. Akufuna chiphaso cha unzika, umboni wa kumene mukukhala, umboni wa kumene ndalama ikuchokera, ndi akaunti ya ku banki ya dzina lanu. Akutsegulirani akaunti ya CSD, kumene masheya anu amalembedwa pa kompyuta, za masatifiketi a pepala zinatha. Ndalama mutumize ku akaunti ya kampani ya broka, osati ya munthu, ngakhale atakhala wa pagulu pano.

Polemba oda tchulani kampani, chiwerengero ndi mtengo umene simukufuna kupitirira. Mukangoti "gulani pa mtengo uliwonse" pa msika wa ogulitsa ochepa, mudzagula modula. Komishoni imayambira pa 2 peresenti pa ndalama zochepa n'kutsika kufika pa 1 peresenti, kuphatikizapo VAT, ndipo mumalipira pogula ndi pogulitsa pomwe. N'chifukwa chake kugula lero n'kugulitsa mwezi wamawa kumangonenepetsa broka. Mukagula, funani contract note, chikalata chotsimikiza zimene mwagula, ndi sitetimenti ya CSD, muone kuti dzina ndi chiwerengero zili bwino.

Posankha, manambala awiri akukwanirani poyamba. Gawani mtengo wa sheya ndi phindu la pa sheya imodzi: ya K100 imene yapindula K20 ili pa 5, ina ya K100 imene yapindula K4 ili pa 25, ndiye yachiwiriyo mukuilipira modula kasanu. Kenako dividendi: K4 pa sheya ya K100 ndi 4 peresenti, akadula msonkho wa 10 peresenti yatsala K3.60. Dividendi ya kuno ndi yochepa poyerekeza ndi kukwera kwa zinthu, phindu lalikulu limachokera pa kukwera kwa mtengo wa sheya.

MayiAkauntanti
Ndipo phindu limenelo ndi la papepala mpaka mutapeza wogula. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Nyengo ino ndi yabwino kuwerenga. Malamulo a msika amati kampani ikaona kuti phindu lake lisiyana ndi la chaka chatha ndi maperesenti oposa 20, ilengeze msanga. Zilengezo zimenezi zatuluka kumapeto kwa Disembala, zili pa webusayiti ya MSE. Zotsatira zonse za makampani otseka mabuku mu Disembala zimabwera cha mu Malichi ndi Epulo. Illovo yokha musaisake nthawi imeneyo, imatseka mu Ogasiti. Powerenga musangoona kuti phindu lakwera ndi 25 peresenti n'kuomba m'manja, chaka choti zinthu zakwera ndi 30 kampani imeneyo yabwerera m'mbuyo.

Nachisale_265
Nanga banki mkhonde? 20 peresenti pa mwezi, palibe sheya ingafike pamenepo.

Che_Namwera
Asisi, 20 imeneyo amalipira ndi mamembala omwewo. M'magulu ambiri aliyense amakakamizidwa kubwereka, ndiye chimene mumagawana mu Disembala mbali yaikulu ndi ndalama yanu yomwe. Phindu lenileni limachokera kwa amene anabwereka kwambiri kuposa inu, ndipo ameneyo ndi amene amathawa mu Novembala. Ikani yochepa, ya gulu la anthu odziwana makomo. Yokulirapo bola SACCO yolembetsedwa, imene mabuku ake amaunikidwa.

Kambuzi_wa_Malombe
Ndamva. Ndiye K400,000 ya mwadzidzidzi, K500,000 ma bill ogawa patatu, K800,000 masheya koma banki imodzi yokha, K300,000 ndidikire Juni ndione chimanga. Anyamata a filimu ndiwagulira chakudya cha tsiku limodzi.

BrokaWapakhonde
K300,000 yodikira Juniyo isagone mu Airtel Money kapena Mpamba miyezi isanu. Ikani pa bill ya masiku 91 kumapeto kwa Febuluwale, ikhwima chimanga chikuuma. Ndipo pa fomu ya broka lembani nambala ya akaunti imene simudzaitseka. Madividendi ambiri osatengedwa ndi a anthu amene anasintha banki kapena nambala ya foni osauza transfer secretary, wosunga kaundula wa eni masheya a kampani. Akunyumba adziwenso kuti masheyawo alipo ndi kumene kuli mapepala.

Siginala77
Mukadzalemera mudzandigulire injini ija. Ya 15 horsepower, osati ya 9.9.